Phazi pa Pedulo

"Ndani watsokomola?"

A Khutu anafunsa ataima pakati pa chipinda, mahedifoni akulendewera m'khosi. Tinalipo azimayi khumi ndi awiri, aliyense m'kanyumba kake ka matabwa opaka utoto wotuwa, ndipo palibe anayankha. Theka la ife silikanathanso kuyankha, chifukwa linali pa mzere, mahedifoni ali m'makutu, likulankhula ndi anthu okhulupirira kuti tilibe mapapo. A Khutu anadikira pang'ono, n'kulemba kenakake m'kabuku kawo, n'kubwerera kuseri kwa galasi kumene ankamverako mizere yonse. Iwo ndiwo anali kapitawo wathu. Dzina lawo lenileni linali pachitseko, koma palibe ankavutika kuliwerenga.

Ntchito yathu inali kukhala Naini. Naini ndi loboti, munthu wachitsulo wa m'masewera a pakompyuta. Wosewera amakhala Kaputeni wa chombo chimene chasochera m'mlengalenga ndi antchito anayi, ndipo Naini ndiye amatsegula zitseko, amayeza mpweya wotsala, amamuchezetsa Kaputeni akasungulumwa. Antchito anayiwo ndi zidole za kompyuta zenizeni, zodziwa mawu ochepa basi. Naini yekha ndiye amayankha chilichonse, ndipo kampani inkauza anthu kuti zimenezi zikutheka chifukwa cha nzeru za makina. Nzeru za makinazo ndinali ine, mayi a mapasa a m'kanyumba koyandikana ndi kanga, ndi anzathu khumi, pansanjika yachitatu, pamwamba pa sitolo ya matayala.

Ku yunivesite ndinaphunzira za maganizo a anthu kwa zaka zinayi. Pondilemba ntchito anati digiri imeneyi ithandiza kwambiri, kenako anandiphunzitsa sabata ziwiri kulankhula ngati ndilibe maganizo.

Malamulo anali ochepa. Pansi pa tebulo pali pedulo ngati ya makina osokera. Ukaiponda, mawu ako amadutsa m'kabokosi kamene kamawasalaza, n'kukatuluka uko ali a Naini, osati achimuna, osatinso achikazi. Ukamaliza kunena, chotsa phazi, chifukwa kabokosiko kamasalaza mawu koma sikabisa kupuma. Usanayankhe, werenga masekondi awiri. Kaputeni akalamula, chita. Akafunsa za kunja kwa masewera, nena kuti, "Zimenezo mulibe m'nkhokwe yanga, Kaputeni." Tonse tinasaina pepala lakuti sitidzauza munthu, ngakhale mayi wotibala. Abale anga ankadziwa kuti ndimayankha mafoni a anthu odandaula za inshuwalansi. Ntchito yotere palibe amaifunsa kawiri.

Mayi a mapasa ankamutcha Naini mwamuna wathu. "Mitala ya anthu thwelofu," ankatero pa nthawi ya tiyi, "koma bambowo ngakhale sopo sanagulepo."

Wosewera akazolowera ankamusiya kwa munthu mmodzi, kuti Naini asamaiwale zimene anakambirana dzulo. Sitiona nkhope, sitiona dzina. Timangoona nambala, ndi kumva zonse zimene maikolofoni yake yatola: agalu, ana, supuni ikukanda pansi pa kapu. Ndinali ndi agogo ena amene ankangofuna kuti ndiziwatchulira mayina a nyenyezi mpaka awodzere. Ndinali ndi mtsikana amene ankandiuza za chibwenzi chake chombo chikuyaka moto. Wa nambala 318 anandipeza Loweruka lina masana.

Mawu ake sindinawazindikire msanga, pakuti anthu akamasewera amalankhula ngati ali pa siteji. Chimene ndinazindikira ndi firiji. Kumbuyo kwake kunali firiji yolira ngati njuchi, kenako imagogoda kawiri, n'kukhala chete. Ndinagona pafupi ndi firiji imeneyo chaka chathunthu nditamaliza sukulu, pa sofa ya pabalaza kwa mkulu wanga, ndikudikira makalata a ntchito amene sankabwera. Ndikanali kudziuza kuti mafiriji otere alipo ambiri pamene Kaputeni anati, "Tiyeni tione kaye," akukoka "kaye" uja monga amachitira alamu anga akamatsegula chilichonse, kaya ndi kalata, kaya ndi poto.

Ndinawerenga masekondi awiri. Ndinawerenganso ena awiri.

"Ndikumva, Kaputeni."

Alamu anga ndi munthu amene azimayi amamutchula akafuna kuchititsa manyazi amuna awo. Amasita okha malaya. Amanyamula mwana paphewa popita kokagula zinthu. Ntchito yawo ndi yoyeza malo, ndipo ukamalankhula nawo amaweramitsa mutu pang'ono ngati mawu ako ndi olemera. Chaka chonse chija sindinawamvepo akukweza mawu. Ndinkangodabwa kuti mkulu wanga, amene tili ana ankaseka mpaka kugwa pampando, m'nyumba mwake ankatseka kabati ndi manja awiri kuti isamveke.

Ndikanatha kupempha a Khutu kuti amupereke kwa wina. Sindinatero, ndipo chifukwa chake sichinali chaulemu. Ndinkafuna kumva alamu akuthawa zilombo za m'mlengalenga, kuti ndizikaseka ndekha m'basi.

Sabata ziwiri zoyamba ankasewera monga momwe amachitira zonse. Anamata mapaipi odontha, anagawa chakudya mofanana, ankandithokoza ndikatsegula chitseko. Kenako anatulukira kuti antchito a m'chombo ungathe kuwasintha mayina. Khuku, dokotala ndi woyendetsa anawasiya momwemo. Injiniya, yemwe ndi chidole chachikazi chovala ovolosi, anamutcha Amake Nyerere.

Nyerere ndi mwana wa mkulu wanga, wa zaka zitatu. Tinamutcha choncho chifukwa pamene pali shuga pamakhalanso iye.

"Naini, Amake Nyerere ali kuti?"

"Ali kuchipinda cha injini, Kaputeni."

"Akulankhula ndi ndani?"

Chidolecho sichinkalankhula ndi munthu. Chinkangoyenda kuchoka pa paipi ina kupita pa ina, sipanala ili m'manja, monga chinapangidwira.

"Ali okha, Kaputeni."

"Ukuwabisira. Atumize kuchipinda cha katundu. Akalowa ukhome."

Ndinadina batani, chidole chinayenda, ndinadina lina. "Chitseko chakhomedwa."

"Mpweya uli bwanji m'menemo?"

"Ndi wokwana."

"Chepetsa. Pang'onopang'ono. Tiyeni tione kaye."

Chidole chikasowa mpweya chimachita zinthu zitatu zokha. Chimapempha, chimagogoda, chimakhala pansi. Opanga masewera sanavutike nazo kwambiri. Alamu anaonerera zitatu zonsezo mpaka chidole chitasiya kugwedezeka, kenako anabwezera masewera m'mbuyo n'kuyambiranso. Tsiku limenelo anachita kanayi. Ulendo wachinayi anandifunsa kuti zatenga mphindi zingati, ndipo nditayankha ndinamva cholembera chikukanda pepala.

Patapita masiku angapo ndinakagogoda pagalasi la a Khutu.

"Bwana, wa 318 akupha injiniya tsiku lililonse."

"Ndiye?" Sanadzutse n'komwe mutu. "Dzulo wina anaponya khuku kunja kwa chombo kasanu chifukwa cha supu. Anthu amabwera kuno kudzachita zimene sangachite kunyumba."

"Wamupatsa dzina la munthu."

"Onse amatero. Ineyo ndaponyedwapo kunja kangapo, ndi anthu a m'chipinda chino chomwe, amati akuyeserera makina." Apa ndiye anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. "Ukumudziwa?"

Lamulo lomaliza linali lakuti ukamudziwa wosewera unene, akuchotse pa mzere wake tsiku lomwelo. Akanamupereka kwa munthu amene kwa iye Amake Nyerere ndi dzina chabe, ndipo firiji ndi firiji.

"Ayi," ndinatero.

Pa nthawi ya nkhomaliro ndinaimbira mkulu wanga. Amagwira ntchito mu famase, ndipo ndinkamva akuwerengera wina mapiritsi.

"Muli bwanji, asisi?"

"Ndili bwino. Watani?"

"Kunyumba kuli bwanji? Zonse zili bwino?"

"Ukundifunsa ngati ndine kasitomala wako wa inshuwalansi. Ngati wapeza mwamuna ingonena, ndili ndi anthu pamzere."

Ndinati sindinapeze. Anati ayi ndithu, zikuoneka, n'kudula.

Lachisanu alamu analowa m'masewera nthawi ya nkhomaliro, ali kunyumba. Sanapite kuchipinda cha katundu. Anakhazika Kaputeni pampando wake.

"Naini, lero tisewere zina. Yerekeza kuti tafika kwathu, ndipo injiniya palibe. Iwe ndiwe wofufuza. Ndifunse."

"Zimenezo mulibe m'nkhokwe yanga, Kaputeni."

"Ndakulamula."

Pamwamba pa kanyumba kalikonse pali kababu kamene kamayaka mofiira a Khutu akalowa pa mzere wako. Kanga kanayaka. Ndinaponda pedulo.

"Injiniya munamuona liti komaliza, Kaputeni?"

"M'mawa. Anati akupita kwa mng'ono wake."

M'chombo mulibe mng'ono wa aliyense. Mkulu wanga ali ndi mng'ono mmodzi, ndipo mng'onoyo anali ataika phazi pa pedulo.

"Anatenga chiyani?"

"Chikwama chofiira." Anaima. "Ayi, chofiiracho zipi inafa, aliyense akudziwa. Funsanso."

"Anatenga chiyani?"

"Chikwama chobiriwira. Ndi zovala zingapo, sindinawerenge. Mwamuna sawerenga zovala za mkazi wake."

"Munakangana?"

"Ife sitikangana. Funsani anthu oyandikana nawo."

Tinabwereza mafunsowo kasanu, mpaka yankho lililonse litasalala. Pa ulendo womaliza, atafika pa mawu akuti "mng'ono wake," mawu awo ananjenjemera pang'ono. Ndinayesa kuti mwina chinachake chawakhudza. Kenako anati, "Apa ndiziima choncho, ngati ndatsamwa. Zikumveka bwanji?"

Kababu kanali kakuyakabe. Wani, thu.

"Zikumveka bwino, Kaputeni."

Atatuluka ndinapita kuchimbudzi, n'kusamba m'manja mpaka zala zitachita makwinya. Mayi a mapasa anandipeza kumeneko, atabwera kudzakonza duku.

"Iwe, madziwo si a mtsinje. Wakukana ndani?"

"Wa 318 ndi alamu anga."

Ndinawauza zonse, ndipo kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni sanapeze choseka. Anatseka mpopi.

"Akulu ako wawauza?"

"Ndiwauza kuti chiyani? Kuti amuna awo akupha chidole, ndipo ndikudziwa chifukwa ine ndine loboti?"

"Uyambe ndi za lobotizo, aseke kaye. Zinazo zilowa bwino munthu ataseka."

"Mwina ndi masewera chabe. A Khutu akuti onse amatero."

"Amapasa anga akamasewera nyumba, sindinawaonepo akulemba mphindi papepala."

Ndinaganiza zokamuuza mkulu wanga Lamulungu, alamu akapita kokatsukitsa galimoto. Ndinakonza ngakhale mawu oyambira. Ndinali nditazolowera kukonza mawu ndisanawanene.

Loweruka mkulu wanga amaweruka folo koloko, ndipo amadzera kwa mnzake kukatenga Nyerere. Alamu analowa m'masewera cha m'ma thu. Sanavale mahedifoni. Ndinadziwa chifukwa mawu a Naini ankabwerera kwa ine, atagunda khoma la pabalaza lija limene ndinkaliyang'ana chaka chonse. Injiniya anali kale m'chipinda cha katundu, ali pa gawo logogoda. Alamu anafunsa kuti mpweya watsala wochuluka bwanji. Ndinawerenga masekondi awiri, ndinaponda pedulo, ndipo ndisanatsegule pakamwa, chitseko chenicheni chinatseguka.

Ndinamva tinsapato ta Nyerere, tija timalira ngati kamwana ka mphaka akamaponda.

"Mwabwera msanga," anatero alamu.

"Atiweruzitsa. Akupopera mankhwala a mphemvu."

"Wakutulani ndani?"

"Tabwera pa basi."

"Ndamva galimoto."

"Msewu ndi wa anthu onse, bambo a Nyerere."

"Nyerere, pita kuchipinda."

Tinsapato tinalira, tikutalikira. Mpando unakhwekhwerezeka. Pa sikirini yanga chidole chinali kugogodabe, ndipo kugogodako kunkamveka pabalaza pawo, n'kubwerera m'makutu mwanga.

"Bweretsani foni," anatero alamu. Mawu awo sanakwere ngakhale pang'ono.

"Ili m'chikwama."

"Ndati bweretsani."

"Mukundipweteka dzanja."

Chinthu chagalasi chinagwa n'kusweka, ndipo pambuyo pake panamveka kaphokoso kena, kakang'ono, kochokera pakhosi pa munthu.

"Asisi," anatero Naini.

Anatero m'mawu ake osalala aja, osati achimuna, osatinso achikazi. Phazi langa linali pa pedulo chitsegukireni chitseko. Pambuyo pa liwulo, kupuma kwanga konse, kofulumira, kodukaduka, kunadzaza pabalaza pawo n'kubwerera kwa ine. Ndinadzimva ngati nyama yobisala pansi pa tebulo. Ndinachotsa phazi.

 Firiji inagogoda kawiri. Kenako mapazi anayandikira, osafulumira, akuponda timagalasi.

"Naini. Wati chiyani?"

Wani, thu. Ndinagwira mpweya m'chifuwa, n'kuponda.

"Zimenezo mulibe m'nkhokwe yanga, Kaputeni."

"Umapuma."

Ndinachotsa phazi pa pedulo. Pa mawu amenewo panalibe yankho lolembedwa.

"Ndiwe ndani?" Anafunsa mofatsa, mmene amafunsira mlendo ngati akufuna tiyi.

Kababu kanga kanayaka. Kuseri kwa galasi a Khutu anali ataimirira. Mayi a mapasa, amene anali atangomaliza mzere wawo, anasuzumira pamwamba pa thabwa lotilekanitsa, anayang'ana nkhope yanga, n'kutambasula dzanja kudina batani losamutsira wosewera kwa iwo.

"Thamanga," ananong'ona. "Mwamuna wathuyu ndimugwira ine. A Khutu ndiwauza kuti watsegula m'mimba."

Ndinatsika masitepe osagwira chitsulo. Pansi, anyamata a matayala anali kumenya limu ya tayala ndi nyundo, ndipo dzuwa linali lowala ngati palibe chachitika. Basi inali ndi anthu anayi okha. Kondakitala anati tinyamuka pompano, ndipo tinakhala pamenepo mpaka mpando womaliza utadzaza. Ndinaimbira mkulu wanga, foni inaitana mpaka kutopa. Ndinaimbanso. Kachitatu inali yozima. Mayi amene ndinakhala naye pafupi ananyamula nsalu ya makatani pamiyendo, ndipo anandifunsa ngati mtundu wake ndi wabwino. Ndinawerenga masekondi awiri ndisanamuyankhe.

Tili pakati pa ulendo m'pamene ndinazindikira chimene ndikuchita. Loboti yaitana "asisi," ndipo pasanathe ola mng'ono wa mkazi wako akugogoda pachitseko, Loweruka masana, tsiku limene amakhala kuntchito. Munthu woyeza malo sangalephere kulumikiza madontho awiri. Ndinaganiza zotsika. Ndinayang'ana foni yozima ija, n'kukhalabe pampando.

Nyumba yawo ili kumapeto kwa msewu wosatulukira kwina. Anatsegula ndi alamu, atavala malaya oyera ositidwa bwino, manja atapinda mpaka m'zigongono.

"Alamu," anatero, akuweramitsa mutu. "A inshuwalansi akupatsani tchuthi?"

"Ndimangodutsa."

"Kuno kumadutsika?" Anamwetulira, n'kupatuka kuti ndilowe.

Pansi pabalaza panali ponyowa, pongokolopedwa kumene. Jagi ya madzi imene imakhala pamwamba pa kabati panalibe. Nsapato za mkulu wanga zinali pakhomo, zoyalidwa bwino, koma mwini wake sindinamuone.

"Asisi ali kuti?"

"Ali kuseri, akuanula zovala. Khalani kaye." Anakoka mpando. "Muli wefuwefu. Mwathamanga?"

"Ndi dzuwali."

"Lero anthu akupuma movutikira. Ndili ndi mnzanga pano, nayenso chimodzimodzi."

Anatembenuza laputopu imene inali patebulo. Ndinali ndisanaonepo nkhope ya Naini kuchokera mbali ya wosewera. Kwa ife amaoneka ngati mabatani ndi manambala. Kuno anali ndi mutu wotuwa wopanda tsitsi, maso awiri abuluu osaphethira, ndi kakamwa kotseka ngati mzere wa pensulo. Ndinakhala miyezi isanu ndi iwiri m'kati mwa chinthu chimenecho.

Alamu anaima kumbuyo kwa mpando wanga, pakati pa ine ndi chitseko. Ndinkamva fungo la sopo m'manja mwawo.

"Naini," anatero, akuyang'ana pakamwa panga, "tapereka moni kwa alamu anga."

Ndinaika manja onse patebulo, poonekera. Wani. Thu.

"Moni, mlendo wa Kaputeni," anatero Naini. "Mwalandiridwa m'chombo. Mpweya ndi wokwana aliyense."

Chiganizo chomalizacho sichinali m'buku lathu la mayankho. Chinali cha mayi a mapasa.

Alamu anayang'ana sikirini, anayang'ana ine, anayang'ananso sikirini. Ndinali ndisanawaonepo akusowa poika manja. Anawaika m'thumba, anawatulutsa, kenako anaseka pang'ono n'kutseka laputopu.

"Zidole za masiku ano," anatero. "Pitani mukawaone asisi anu. Nditereke tiyi."

Koma ndikudutsa m'khitchini ndinamva maso awo ali pamsana panga mpaka nditatseka chitseko chakuseri.

Mkulu wanga anali pakati pa zingwe, kuseri kwa shiti yaikulu imene inali isanaume. Dzanja lamanzere analikulunga ndi kansalu kopukutira mbale, konyowa. Ankaanula ndi dzanja limodzi, akuthandizira ndi mano. Nyerere anakhala m'beseni lopanda madzi, akupanitsa mapegi kuzala zake zakumapazi.

"Wabwera kudzatani?" anafunsa mkulu wanga, osandiyang'ana.

Mawu amene ndinakonzera Lamulungu anali atathawa. Ndinayamba ndi za loboti monga anandilangizira mayi a mapasa. Ndinanena za pedulo, za kabokosi, za nambala 318 ndi firiji, ndikunong'ona, shiti yonyowa ikundikhudza tsaya. Sanaseke. Anapinda malaya a alamu pachifuwa pake, kolala kaye, kenako manja.

"Ndiye mawu aja ndi iwe."

"Amene alipo panopa ndi mnzanga. Koma aja munawamva aja ndinali ine."

"Masiku ena onsewo?"

"Ine."

"Wokhoma chitseko uja."

"Ndi lamulo la ntchito, asisi. Akalamula timachita." Nditanena ndinamva mmene zikumvekera. "Mumadziwa za masewerawa?"

"Amavula mahedifoni ndikamaphika. Amakweza mawu a laputopu kuti ndizidzimva ndikugogoda." Anaika malaya m'dengu. "Ndinkati bola, ukali wawo uzithera komweko. Chiyambireni kusewera anali asanandigwirepo. Ndinkamuthokoza loboti wakoyo mumtima, kuti akundisenzera."

"Ankakugwirani kale?"

"Iwe unkagona pafupi ndi firiji. Firiji ija imasokosa."

Nyerere anatulutsa phazi m'beseni kuti ndione mapegi. Ndinamuuza kuti ndi okongola.

"Dzulo sanaphe chidole," ndinatero. "Anandiuza kuti ndiziwafunsa mafunso ngati wofufuza. Ankayeserera zoyankha inu mukadzasowa. Akuti mudzakhala mutapita kwa mng'ono wanu, mutatenga chikwama chobiriwira."

Dzanja lake linaima pa chingwe, pegi ili pakati pa zala.

"Chobiriwiracho sichikuoneka chiyambire sabata yatha," anatero. "Ndimayesa ndinakubwereka iwe."

"Simunandibwereke."

Anayang'ana mpanda, kenako mwana, kenako kansalu ka padzanja pake. Nkhope yake sinasinthe. Inali nkhope imene amavala mu famase akamawerenga pepala la dokotala wolemba moipa.

"Tiyeni tizipita, asisi. Panopa, ndi zovala zomwezi. Geti lakuseri lili apo. Kwanga ndi kochepa koma tikwana, ine ndigona pansi."

"Akudziwa kumene ukukhala."

"Tipita kwina. Tikanena kupolisi. Mawu onse anajambulidwa, ali kuntchito kwathu."

"Mawu a munthu akusewera ndi chidole."

Zenera la khitchini linatseguka. Kuchokera kuseri kwa shiti tinkangoona malaya oyera ndi dzanja logwira supuni.

"Tiyi wapsa," anatero alamu. "Alamu, shuga masupuni angati? Ndaiwala."

Anandipangira tiyi chaka chathunthu. Alamu saiwala nambala.

"Awiri," ndinatero.

"Tikubwera, bambo a Nyerere," anatero mkulu wanga, mawu ake ali bwinobwino. "Tingomaliza chingwe ichi."

Zenera silinatsekedwe. Supuni inayamba kuzungulira m'kapu, pang'onopang'ono, ndipo inazungulira nthawi yaitali kuposa imene shuga amafuna.

Mkulu wanga anawerama pa dengu. Anatulutsamo timadiresi tiwiri ta Nyerere, kajuzi, masokosi, n'kuzikulunga m'kathawulo. Anachotsa mapegi kuzala za mwana limodzilimodzi, osafulumira, anamuveka tinsapato tija, n'kumupukuta pakamwa ndi chala chonyowa.

"Nyerere," anatero mokweza, kuti zimveke mpaka pazenera, "lero ukagona kwa amayi aang'ono. Akhala akukupempha kalekale."

Mwana anandigwira siketi. Supuni inasiya kuzungulira.

Mkulu wanga anandiika kamtolo kaja m'manja, n'kukanikiza zala zanga pamwamba pake ndi dzanja lake labwino. Anabwera pafupi ngati akundikonza kolala.

"Mwanayu upite naye, ndipo usamubweze ngakhale akuimbire ndani," ananong'ona. "Ine nditsala mpaka Lachitatu, tsiku limene amakayeza malo kutali."